Kompyuta ikati katundu wasowa: nkhani ya shoti m'mashopu a ku Edingeni

Dzina la Edingeni likamveka pa wailesi, kawirikawiri nkhani imakhala ya ufumu, popeza kumeneku ndiye kulikulu kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, mfumu yaikulu ya Angoni a ku Mzimba. Ikapanda kukhala ya ufumu imakhala ya msewu wochokera pa Jenda kudzera pa Embangweni, umene anthu akhala akuulirira zaka zambirimbiri. Pali nkhani ina imene sifika pa wailesi, koma imadanitsa anthu apachibale mwakachetechete kuseri kwa makauntala. Dzina lake ndi shoti: kope kapena kompyuta ikunena kuti katundu alipo wochuluka chonchi, pa shelefu pali wochepa, ndipo wina ayenera kufotokoza kumene wapita.

Kuti timvetse chifukwa chake shoti imawawa kwambiri kuno, tiyambire ku Joni. Ulendo wa amuna a ku Mzimba wopita ku South Africa unayamba kalekale, nthawi ya Wenela ndi TEBA, mabungwe olemba anthu ntchito ya ku migodi, ndipo sunaleke ngakhale pamene Dr Kamuzu Banda analetsa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70. Lero achinyamata sapitanso ku migodi kwenikweni. Amagwira ntchito m'nyumba za anthu, m'mashopu ndi pa zomangamanga ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Ndalama zawo ndi zimene zamanga nyumba zambiri za malata zimene mumaona m'midzi, ndipo zina zimatsegula golosale kapena hadiweya pa Edingeni, pa Embangweni, pa Jenda ngakhale pa boma penipeni. Mwini shopu ali kutali. Pa kauntala pali mkazi wake, mng'ono wake kapena mphwake. Chimene chimalumikiza awiriwa ndi nambala yotumizidwa pa WhatsApp kumapeto kwa sabata kapena kwa mwezi.

Nambalayo ikapanda kugwirizana ndi katundu, mawu oyamba kutuluka amakhala akuti mwanayu akuba. Mwana wa mlongo wako amene unamukhulupirira, amene amakutchula kuti asibweni, amasanduka mbala pa foni imodzi yokha. Maganizo anga ndi akuti mlandu wotere timaufulumirira kwambiri, ndipo kubwera kwa makompyuta kwangoonjezera kufulumirako, chifukwa nambala ya pa kompyuta imaoneka yaukhondo, yopanda zofufutafufuta, ngati kuti inalembedwa ndi munthu wosalakwa.

Belo ndi paketi

Tiyerekeze golosale imene yaoda mabelo khumi a shuga. Belo limodzi limakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi, choncho m'shopu mwalowa mapaketi 200. Mnyamata wolemba katundu wawerenga bwinobwino, wapeza 200, ndipo walemba 200. Koma mu pulogalamu ya pa kompyuta muli mizere iwiri ya shuga, wina wa belo, wina wa paketi, ndipo iye walemba pa mzere wa belo. Kuyambira mphindi imeneyo kompyuta ikukhulupirira kuti m'shopu muli mabelo 200, kutanthauza mapaketi 4,000. Sabata ikutha, agulitsa mapaketi 60. Pa shelefu patsala 140, monga ziyenera kukhalira. Kompyuta ikufuna 3,940. Shoti yake ndi mapaketi 3,800.

Munthu wodekha angaseke, chifukwa mapaketi 3,800 ndi matani pafupifupi anayi a shuga, katundu woti sangakwane n'komwe m'kagolosale ka chipinda chimodzi, ndipo sangatuluke pakhomo anthu a pamsika osaona. Koma mwini shopu amene ali ku Johannesburg saona mapaketi. Amaona ndalama, mzere umodzi wofiira wonena kuti katundu wa mamiliyoni wasowa. Pamene cholakwacho n'chachikulu chonchi mwayi umakhalapo, poti chimadziulula chokha. Choopsa ndi chaching'ono, cha makatoni awiri a sopo kapena malata asanu ndi anayi, chifukwa chimafanana ndendende ndi kuba kwenikweni.

Malonda athu amaitana okha zolakwa zotere. Timagula mochuluka n'kumagulitsa modula. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 chimagulitsidwa m'timabotolo ndi m'timapepala. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 limatsegulidwa kuti wofuna makilogalamu asanu apeze. Misomali imabwera pa katoni n'kumatuluka pa sikelo. Pulogalamu zambiri za mashopu zinapangidwira kumene chinthu chimalowa ndi kutuluka chili chimodzimodzi, ndipo zimafuna kuuzidwa momveka kuti thumba limodzi ndi makilogalamu angati. Ngakhale ziuzidwe, chigubu cha malita 20 sichitulutsa malita 20 enieni ogulitsa. Ena amatsalira m'chigubu, ena amadontha, ena amapita pa kabasela kamene kasitomala wakale amayembekezera. Kumeneku si kulemba molakwa ndipo si kuba. Ndi kuchepa kwa katundu kumene mwini shopu ayenera kukuvomereza ndi kukupatsa mzere wakewake.

Wina asaganize kuti awa ndi mavuto a kumudzi okha. Mu 2008 akatswiri awiri, Nicole DeHoratius ndi Ananth Raman, anasindikiza kafukufuku amene anayang'ana mizere ya katundu pafupifupi 370,000 m'masitolo 37 a kampani imodzi yaikulu. Anapeza kuti mizere 65 pa 100 iliyonse sinkagwirizana ndi katundu amene analidi m'sitolo. Awa anali masitolo okhala ndi makina owerenga zizindikiro za pa katundu, magetsi osazimazima ndi antchito ophunzitsidwa. Ku Japan mu Disembala 2005, wogwira ntchito pa kampani ya Mizuho Securities anafuna kugulitsa sheya imodzi pa mayeni 610,000, koma analemba kuti akugulitsa masheya 610,000 pa yeni imodzi. Anasinthanitsa mabokosi awiri basi, ngati mmene mnyamata wathu wasinthanitsira belo ndi paketi.

Kumwera kwa Mzimba kuli msampha wina umene simungaupeze kwina. Malire a Zambia ali pafupi, Lundazi ali kutsidya, ndipo katundu wina amachokera kumeneko. Ndalama ya ku Zambia ndi kwacha, ya kwathu ndi kwacha, ndipo zonse zimalembedwa ndi K kutsogolo, koma mphamvu zake n'zotalikirana kwambiri, makamaka chichokereni Januwale 2013 pamene Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake. Onjezanipo katundu wobwera ndi matransipota kuchokera ku Joni, amene lisiti lake lili m'marandi. Shopu imodzi ikhoza kukhala ndi malisiti a ndalama zitatu m'bokosi limodzi. Wolemba akangokopera nambala ya pa lisiti osaisintha, kompyuta imaonetsa phindu lalikulu limene kulibe, ndipo mwini shopu amayamba kufunsa kuti ndalama za phindulo zili kuti.

Kwacha yathu nayonso sinathandize. Inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pepala la K5,000 linatuluka mu 2022. Mitengo ikamasintha sabata ndi sabata, wolemba amalowa mu kaundula wa katundu pafupipafupi, ndipo kulowa kulikonse ndi mpata wa chala kuterereka. Maziro achuluka. Kusiyana kwa K45,000 ndi K450,000 ndi kugunda kamodzi. Choipa china n'chakuti diso limazolowera: pamene mitengo inali yokhazikika, nambala yachilendo inkadabwitsa, koma lero munthu akaona mtengo wokwera amangoti zinthu zakweranso.

Zina n'zodziwika kale kwa aliyense amene anaimapo pa kauntala. Magetsi a ESCOM akazima kapena netiweki ikathawa, malonda amalembedwa pa kapepala kuti adzalowetsedwe madzulo, ndipo kapepalako kamalowetsedwa kawiri kapena sikalowetsedwa n'komwe. Chinthu chimodzi chimalembedwa maina atatu ndi anthu atatu, wogula amachotsedwa pa dzina ili pamene wobwera amaonjezedwa pa dzina lija. Galimoto yabweretsa matumba 48 a simenti pamene oda inali ya 50, ndipo wolandira walemba za pa oda m'malo mwa zimene zatsitsidwa. Ndiye pali amayi ake a mwini shopu, amene amatuma mdzukulu kudzatenga shuga ndi sopo. Ndani angawauze kuti asaine? Mnyamata wa pa kauntala sangayerekeze, ndipo sangakumbuke zonse pakutha pa mwezi.

Mmene cholakwa chimapezekera

Kupeza cholakwa kumayamba ndi kuwerenga katundu, koma kuwerenga kuli ndi mwambo wake. Wowerenga asamadziwe nambala imene kompyuta ikunena. Akaidziwa, maso ake amaifunafuna, ndipo akafika pa 47 pamene akuyembekezera 50 amaganiza kuti walumpha atatu n'kulemba 50. Awerenge awiri, aliyense payekha, shopu itatsekedwa kapena m'mawa isanatsegulidwe, kenaka ndiye nambala zawo ziyerekezedwe ndi za mu kaundula.

Mashopu ambiri amawerenga sitoko yonse kamodzi kapena kawiri pa chaka, tsiku lonse lathunthu zitseko zili zotseka. Pofika tsikulo cholakwa cha mu Febuluwale chakwiririka ndi malonda a miyezi khumi, malisiti ena anyowa, ena ayatsira mbaula. Mungoni woweta ng'ombe sadikira Disembala kuti adziwe ngati zonse zilipo. Amaziona madzulo aliwonse zikamalowa m'khola, ndipo ikasowa imodzi amadziwa dambo limene zinadyera tsiku lomwelo. Shopu nayonso ingathe kuwerenga zinthu zisanu kapena khumi tsiku lililonse, kuyambira zodula ndi zoyenda msanga monga shuga, mafuta, simenti ndi feteleza, pamene zingwe za nsapato ndi singano zingadikire mwezi. Cholakwa cha dzulo chimakhala ndi mboni, poti wolemba akukumbukabe ndipo lisiti lili pamwamba pa mulu.

Kusiyana kukapezeka, nambala yeniyeniyo imanena zambiri kwa woidziwa kuifunsa. Alembi a zachuma akale anali ndi njira imene ana a sukulu angaiphunzire m'mphindi zisanu: gawani kusiyanako ndi 9. Ngati galimoto inatsitsa malata 23 koma wolemba anagunda 32, shoti ndi 9. Ngati analemba 81 m'malo mwa 18, kusiyana ndi 63. Ngati analemba 540 m'malo mwa 450, ndi 90. Manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 nthawi zonse popanda chotsala. N'chimodzimodzinso ndi ziro woonjezera: 500 m'malo mwa 50 amapereka 450. Izi sizitsimikiza kuti palibe wakuba, popeza munthu akhoza kubadi malata asanu ndi anayi, koma zimakuuzani kuti mutsegule kaye bokosi la malisiti musanatsegule pakamwa.

Kusiyana kumene kukufanana ndendende ndi katundu wa oda imodzi kumaloza ku lisiti lolowetsedwa kawiri kapena loiwalika. Kumene kukugwirizana ndi 12, 20 kapena 24 kumaloza ku dazeni, belo kapena katoni. Ndipo shoti isamayang'anidwe yokha, chifukwa nthawi zambiri ili ndi mnzake. Malata a mafiti khumi akachepa ndi asanu ndi limodzi, pitani mukawerenge a mafiti khumi ndi awiri. Mukawapeza atachuluka ndi asanu ndi limodzi, palibe chasowa: wogulitsa anadina mzere woyandikana. Feteleza wokulitsa ndi wobereketsa amasinthana chimodzimodzi m'nyengo ya dzinja, pamene mzere wa alimi wafika panja ndipo aliyense akufuna kuthamangira mvula. Chodabwitsa n'chakuti eni mashopu amakwiya ndi katundu wochepa koma amakondwera ndi wochuluka, pamene zonse ziwiri zikunena chinthu chimodzi, kuti kaundula ndi wolakwa.

Amene amasunga katundu wawo mu Excel ali ndi chida chimene ambiri sachigwiritsa ntchito. Kungosanja mzere wa kuchuluka kwa katundu kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, zolakwa zimayandama zokha kumapeto awiri. Pamwamba pamabwera manambala otsika kuposa ziro, ndipo shopu singakhale ndi mabotolo ochepera ziro. Pamenepo pali katundu amene anagulitsidwa asanalembedwe kuti walowa. Pansi pamabwera matumba 5,000 a mchere. Kusanja ndi dzina kumaika maina ofanana pamodzi, ndipo kuyerekeza mtengo wogulira ndi wogulitsira kumaulula pamene mtengo wa katoni unalembedwa ngati wa chinthu chimodzi.

Excel yomweyo ili ndi khalidwe lake loipa. Nambala ya pansi pa timizere takuda ta pa katundu imakhala ndi manambala 13, ndipo katundu wambiri wolembetsedwa ku South Africa amayamba ndi 600 kapena 601. Mukailemba mu Excel osaiuza kuti awa ndi malemba chabe, imaisandutsa chinthu chonga 6.00123E+12, ndipo fayilo ikasungidwa mwa mtundu wina manambala akumapeto amatayika, zinthu zosiyana n'kukhala ndi nambala imodzi. Zimenezi n'zachisoni, chifukwa nambala yomaliza ija ndi mlonda: imawerengedwa kuchokera ku khumi ndi ziwiri zoyambazo, kotero kuti munthu akalakwitsa imodzi polemba, pulogalamu yabwino imakana. Makina oyamba owerenga timizere timeneti m'sitolo anagwira ntchito pa 26 Juni 1974 ku Troy, m'chigawo cha Ohio ku America, pa paketi ya chingamu. Patha zaka zoposa 50, ndipo foni wamba ya kamera imatha kuchita ntchito yomweyo. Koma matemba, nyemba za pa ndowa ndi misomali ya pa sikelo zilibe timizere, choncho chala cha munthu chikhalabe pa ntchito.

Kukonza kosafufuta

Cholakwa chapezeka. Chimene dzanja limafuna kuchita ndi kufufuta 32 n'kulemba 23, nkhani yatha. Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi amalonda ambiri, ngakhale oona mtima. Nambala yolakwayo isiyidwe pomwe ili, ndipo pansi pake palembedwe mzere watsopano wochotsa 9, wokhala ndi tsiku, chifukwa chake, nambala ya lisiti ndi dzina la wokonza. Zimaoneka ngati kuchulutsa ntchito. Koma kaundula amene aliyense angathe kusintha mosasiya phazi sateteza munthu aliyense. Wakuba amabisalamo, ndipo wosalakwa alibe chomuikira umboni.

Dziko lino linaphunzira zimenezi mowawa. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu Seputembala 2013, akatswiri a Baker Tilly anapeza kuti ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo njira imodzi inali yolowetsa malipiro mu makina a boma olipirira a IFMIS, cheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta zolembedwazo. Golosale ya pa Edingeni si Capital Hill, koma khomo lake ndi lomwelo. N'chifukwa chake wogulitsa aliyense ayenera kukhala ndi dzina lakelake lolowera mu pulogalamu, osati nambala yachinsinsi imodzi yodziwika ndi banja lonse, ndipo mphamvu yosintha kuchuluka kwa katundu ikhale ndi munthu mmodzi kapena awiri.

Mbali ina ya phunziroli inachokera ku Britain. Kuyambira 1999 mpaka 2015, anthu oposa 900 oyendetsa timapositi ofesi anaweruzidwa kuti ndi olakwa pa milandu ya kuba kapena kulemba zabodza, chifukwa pulogalamu yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi Fujitsu, inkaonetsa kuti ndalama zasowa. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sanatenge. Mu 2019 khoti lalikulu linapeza kuti pulogalamuyo inali ndi zolakwika, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lofafaniza milanduyo. Kwa zaka zonsezo akuluakulu ankakhulupirira makina kuposa anthu amene anawagwirira ntchito moyo wawo wonse.

Mlimi wa ku Mzimba safunika kuuzidwa za ku Britain kuti adziwe zimenezi. Pa pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP, imene inayamba mu 2020 pamene thumba la feteleza linali K4,495, kugula kunkadalira chiphaso cha unzika ndi makina. Madandaulo anamveka m'maboma ambiri a alimi amene anafika pa depoti n'kuuzidwa kuti makina akuonetsa kuti anagula kale. Pena panali chinyengo chenicheni, pena zolembedwa zinali zolakwika, koma mlimi woima pa mzere analibe njira yotsutsira. Mlimi yemweyo, kapena mwana wake amene ali ku Joni, akakhala mwini shopu amaiwala msanga mmene zimawawira kutsutsidwa ndi makina.

Sindikunena kuti kuba kulibe. Kulipo, ndipo antchito ena aphunzira kubisala kuseri kwa mawu akuti ndinalakwitsa polemba. Koma kulakwitsa kuli ndi maonekedwe ake. Kumagwa mbali zonse, lero katundu wachepa, mawa wachuluka, ndipo kumagwera singano monga mmene kumagwera simenti. Kuba kumapendekera mbali imodzi, kumakonda zinthu zogulitsika msanga, ndipo kumabwerera pa tsiku la munthu yemweyo. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna kaundula wa miyezi ingapo wosafufutidwa, ndipo mwini shopu amene amalola kufufuta wadzilanda yekha umboni umene akanaugwiritsa ntchito.

Posachedwapa nkhaniyi yapeza mwini wina. Bungwe lotolera misonkho la MRA linabweretsa makina otulutsa malisiti a EFD mu 2014 kwa amalonda olembetsa msonkho wa VAT, ndipo mu 2025 linalengeza njira yatsopano ya EIS yolowa m'malo mwake, imene imafuna kuti wamalonda alembetsenso katundu amene ali naye, osati malonda okha. Amalonda anadandaula ndipo tsiku loyambira linasunthidwa, koma kumene zinthu zikulowera n'koonekeratu. Kagolosale kosalembetsa VAT sikakhudzidwa mwachindunji. Mahadiweya akuluakulu ndi maholoselo a pa Mzimba boma ndi pa Jenda, kumene timagolosale timaoda, ndiwo ali m'kati. Kwa iwo mabelo 200 olembedwa m'malo mwa mapaketi 200 sadzakhalanso mkangano wa asibweni ndi mphwawo pa foni. Adzakhala katundu amene boma likuona kuti analowa, ndipo lidzafuna kudziwa kuti anagulitsidwa liti ndiponso msonkho wake uli kuti.